Momwe mungadziwire zaka za diresi lakale lomwe mwalitola pa kaunjika

Belo likangodulidwa pa Tsoka ku Lilongwe kapena mumsika wa Limbe, manja ambiri amathamangira zooneka zatsopano. Diresi lolemera, la zipi yachitsulo ndi kafungo ka m'sutikesi, limakankhidwira pambali, kenako limagulidwa motchipa n'kupita kwa telala kuti akadulepo siketi. Zimandiwawa, chifukwa ena mwa madiresi amenewa anasokedwa agogo athu akadali atsikana, ndipo masokedwe ake sakupezekanso. Musanapereke ku sizasi, liyeseni motere.

1. Litembenuzeni, muyambire mkati

Kunja kumanamiza, chifukwa mafashoni amapita n'kubwerera. Mkati ndiye muli zoona. Yang'anani m'mphepete mwa misoko. Ngati nsalu inadulidwa mano-mano ndi sizasi kuti isasomphoke, n'kusiyidwa choncho, ndi kasokedwe kofala m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Ngati m'mphepete monse mwakulungidwa ndi ulusi wa ovaloko, mosakayika kwambiri diresilo ndi la m'ma 1960 kubwera kuno. Onaninso mpendero wa m'munsi. Akale ankapinda nsalu yambiri, nthawi zina yokwana chikhatho chonse, n'kusoka pamanja, kuti mwiniwake adzathe kulitalikitsa. Mafakitale a lero sasiya nsalu yotero.

Makina osokera a Singer anayamba m'chaka cha 1851, koma musafulumire kunena kuti chosokedwa pamanja chilichonse n'chakale kuposa pamenepo. Amayi ambiri anapitiriza kusoka ndi singano kunyumba kwa zaka zochuluka.

2. Gwirani zipi

Madiresi a akazi anayamba kuikidwa zipi m'zaka za m'ma 1930. Zisanafike zaka zimenezo ankatseka ndi mabatani, tingowe kapena timabatani todina. Zipi ya mano achitsulo yoikidwa m'mbali, kuyambira m'khwapa kutsikira m'chiuno, imaloza ku zaka za 1930 mpaka 1950. Pambuyo pake zipi inasamukira kumsana, ndipo m'ma 1960 inafala yapulasitiki. Werengani dzina pa kachitsulo kokokera: Talon ndi ya ku America, Lightning ya ku Britain, pomwe YKK ya ku Japan inadzaza msika mochedwerapo. Koma zipi imatha kusinthidwa, choncho onani ngati ulusi wake ukufanana ndi wa diresi lonse.

3. Werengani kalebulo mofatsa

Apa ndiye pofunika kukhalitsa. Mwambo wosokerera dzina la wopanga mkati mwa chovala anautchukitsa ndi Charles Frederick Worth, Mngelezi yemwe anatsegula nyumba yake ya zovala ku Paris m'chaka cha 1858. Kuyambira pamenepo kansalu kakang'ono ka pakhosi kapena ka m'nthiti kamanena zambiri.

Yambani ndi dziko. "Made in West Germany" ikutanthauza kuti chovalacho chinapangidwa Germany asanagwirizanenso m'chaka cha 1990. "Made in Yugoslavia" kapena "Czechoslovakia" ndi mayiko omwe anagawikana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Dzina loti St Michael, lomwe limapezeka kwambiri m'mabelo ochokera ku Britain, linali la sitolo ya Marks and Spencer, ndipo analisiya m'chaka cha 2000. Madiresi a maluwa ang'onoang'ono a Laura Ashley olembedwa "Made in Wales", aatali mpaka m'mapazi, ambiri ndi a m'ma 1970, ndipo ku Britain alipo anthu amene amawasaka.

Mukaona chizindikiro cha CC41, chooneka ngati timikate tiwiri tobulungira tolumidwa, gwiritsitsani. Boma la Britain linachiyambitsa m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, pamene nsalu inkasowa ndipo zovala zinkagulidwa ndi makuponi. Chinatha mu 1952. Zovala za ku America nazo zimakhala ndi kachidindo ka bungwe la osoka la ILGWU, lomwe linaphatikizana ndi lina mu 1995. Kachidindo ka mitundu yofiira, yoyera ndi yabuluu kanayamba mu 1974.

Malangizo a kachapidwe nawonso ndi umboni. Ku America lamulo lokakamiza kuwalemba pa chovala linakhazikitsidwa mu 1971. Diresi la m'fakitale lopanda malangizo alionse, komanso lopanda chipsera chosonyeza kuti anachita kudulapo, lingakhale la kale kuposa chaka chimenecho.

4. Imvani nsalu m'manja

Nayiloni inatulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, poliyesitala mu 1941, koma yachiwiriyi inafika m'masitolo m'ma 1950. Crimplene, nsalu yokhuthala yosachita makwinya ija, ndi ya m'ma 1960 ndi 1970. Chizindikiro cha ubweya cha Woolmark chinayamba mu 1964.

5. Tsopano onani kaimidwe kake

Ili ndi gawo lomaliza dala. Diresi lowongoka, lopanda chiuno, lamba ali m'munsi cha m'matako, ndi kavalidwe ka m'ma 1920. M'ma 1930 Madeleine Vionnet, katswiri wa mafashoni wa ku France, anatchukitsa kudula nsalu mopingasa kuti izitsata thupi. Nthawi ya nkhondo mapewa anali otukuka, siketi yofika m'mawondo, nsalu yochita kuumira. Ndiye mu February 1947 katswiri winanso, Christian Dior, anaonetsa ku Paris madiresi a chiuno chothina ndi siketi yotambasuka yodya nsalu mamita ambirimbiri, ndipo kaimidwe kameneko kanalamulira zaka za m'ma 1950. Kenako kunabwera mini yomwe anaitchukitsa katswiri wa mafashoni Mary Quant ku London, yomwe kuno kwathu lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa pamodzi ndi mathalauzi a amayi, mpaka linachotsedwa mu 1993.

Msampha uli pa mapewa. Timapilo ta m'mapewa tinabwereranso m'ma 1980, ndipo ambiri amasokoneza diresi la 1985 ndi la 1945. Bwererani ku zipi ndi ovaloko, zikuuzani.

Ogulitsa zakale amatcha chovala "antique" chikakwana zaka 100, ndipo "vintage" chikadutsa zaka pafupifupi 20. Kunena zoona, masiketi ofufumitsidwa ndi mawaya a m'ma 1850 ndi 1860, kapena otukumula kumbuyo a m'ma 1870 ndi 1880, simudzawapeza m'belo. Malo ake ndi ngati Victoria and Albert Museum ku London. Chomwe mungatole kuno ndi cha m'ma 1950 mpaka 1990, ndipo chimenecho si chochepa.

6. Mukalipeza, musalithamangitsire m'beseni

Nyowetsani kansalu koyera, mukhudze pamalo obisika mkati, muone ngati mtundu ukusuluka. Lathonje lolimba mungalichape ndi madzi ozizira ndi sopo wofewa, osafikisa, osapotokola, n'kuliyanika pamthunzi mutaliyala pathaulo. Jiki asayandikire. Silika yakale kwambiri imang'ambika yokha m'mizere, chifukwa ankainyika m'mankhwala a zitsulo kuti ilemere, ndipo yotere madzi amangoimaliza. Pouma, sitani chakumkati ndi simbi yosatentha kwambiri, mutaikapo kansalu pamwamba.

Posunga, pewani hang'ala yawaya, imasiya dzimbiri n'kuboola mapewa, ndipo jumbo imasunga chinyezi nyengo ya dzinja. Likulungeni mu nsalu yoyera yathonje yochapidwa kale, muliike chogona m'katoni kutali ndi khoma lonyowa, ndipo muzilitulutsa nthawi ndi nthawi kuti muone ngati njenjete zalowa. Ngati likufunika kuchepetsa kuti mulivale, muuzeni telala apinde nsaluyo mkati, asaidule.