Momwe mungasankhire servo ya kachipangizo kotsata dzuwa

Kachipangizo kanga koyamba kotsata dzuwa kanagwira ntchito masiku atatu okha. Ndinamangirira panelo ya sola pa timaservo tiwiri ta mtundu wa SG90 (servo ndi kamota komwe kamatembenuka n'kuima pa digiri yomwe mwakauza) monga ndinaonera pa YouTube, ndipo m'nyumba kankatembenuka bwinobwino ndikakaunikira ndi tochi. Nditakaika panja, kamvuluvulu wa mu Okutobala anangodutsa kamodzi. Ndinapeza panelo ili lende, mota ikungolira, mano a magiya apulasitiki atasosoka. Servo ija inalibe mlandu, ndinaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Musanatulutse ndalama, tsatani izi.

Yambani ndi sikelo ndi rula

Mphamvu ya servo imalembedwa mu kg·cm. Servo ya 2 kg·cm ingagwire makilogalamu 2 pa mkono wotalika sentimita imodzi, koma mkonowo ukafika masentimita 10 imangogwira magalamu 200. Choncho yezani panelo pamodzi ndi felemu yake, kenako yezani mtunda wochoka pamene izizungulira kufika pakati pa kulemera kwake. Chulukitsani manambala awiriwo. Panelo ya magalamu 600 yomwe pakati pake patalikira masentimita 5 ikufuna 3 kg·cm.

Koma nambala ya pa paketi ndi ya pamene servo yakanika kusuntha, ikulimbana mpaka kutentha. Musamaigwiritse ntchito pafupi ndi pamenepo. Ine ndimachulukitsa yankho langa katatu, ndiye 3 uja amakhala 9.

SG90 ili ndi mphamvu pafupifupi 1.8 kg·cm ndi magiya apulasitiki. Imakwana kunyamula timasensa ta kuwala totchedwa LDR kapena kaselo kakang'ono kophunzirira. MG90S ili ndi magiya achitsulo koma mphamvu yake yangoposa pang'ono. MG996R imafika 9.4 kg·cm pa mavolti 4.8 ndi 11 kg·cm pa mavolti 6. DS3218 imafika cha m'ma 20. Panelo yaikulu ya padenga, ngati ya mawati 100, si ya maservo awa konse. Imeneyo imafuna linear actuator, mota yomwe imakankha ndi kukoka ndodo.

Werengerani mphepo

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Panelo ya masentimita 30 kwa 35 ikawombedwa ndi mphepo yothamanga mamita 15 pa sekondi imakankhidwa ngati mwaikapo kilogalamu imodzi ndi theka kapena kuposa. Mphepo ikawirikiza liwiro, kukankha kumawirikiza kanayi. Amene mumakhala kunyanja mukudziwa zomwe mwera umachita m'miyezi yozizira.

Mankhwala ake si kugula servo yaikulu kokha. Ikani chitsulo chozungulirapo pakati penipeni pa panelo, kuti mbali zonse zilemere mofanana. Mukaisiya paneloyo musanaimangirire ku servo, izikhala pomwe mwaisiya. Ndipo katundu asakhale pa mutu wa servo. Mumusenzetse beringi, ngakhale habu yakale ya njinga, servo izingokankha basi.

Dziwani njira ya dzuwa la kwathu kuno

Mapulani ambiri a pa intaneti anajambulidwa ku Ulaya ndi ku America, komwe masana dzuwa limakhala kummwera chaka chonse. Kumeneko servo yapansi imazungulira ngati mpando wa mu ofesi, yapamwamba n'kumaweramutsa panelo, ndipo madigiri 180 omwe servo wamba imatembenuka amawathandiza mbali yaikulu ya tsiku.

Kuno n'zosiyana. Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa equator. Mu Juni masana dzuwa limapendekera kumpoto ndi madigiri 37, mu Disembala limapendekera kummwera ndi madigiri 9, ndipo kawiri pachaka, cha kumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale, limadutsa paliwombo penipeni. Masiku amenewo servo yapansi imayenera kutembenuka pafupifupi theka la bwalo m'kanthawi kochepa masana, ndipo mu Disembala imafuna kuyang'ana mbali yomwe mu Juni inaifulatira. Servo ya madigiri 180 imafika pamapeto, n'kumangolira.

Ine ndimalangiza kusiya kuzungulira kuja. Gonekani chitsulo choloza kumpoto ndi kummwera, servo yaikulu izipendeketsa panelo kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo. Madigiri 60 mbali iliyonse ndi okwanira. Servo yachiwiri izipendeketsa kumpoto kapena kummwera, ulendo wa madigiri 47 okha chaka chonse. Kunena zoona, yachiwiriyi mutha kuisiya, n'kumasintha ndi dzanja kamodzi pamwezi pomasula bauti. Servo yomwe ili pansi ndiyo imanyamula inzake, choncho izikhala yamphamvupo.

Pogula werengani bwino paketi. Servo yolembedwa "360" kapena "continuous rotation" imangozungulira ngati tayala, siidziwa kuima pa digiri yomwe mwaiuza. Tengani ya 180 kapena 270.

Ipatseni magetsi akeake

MG996R ikakanika kusuntha imatha kukoka ma amp 2.5, pomwe doko wamba la USB limapereka theka la amp. Mukaidyetsa kuchokera pa pini ya 5V ya Arduino, bolodi yomwe imalamula servo, bolodiyo izingozima n'kuyakanso. Tengani magetsi ku batire ya mavolti 12, muwatsitse ndi buck converter ngati LM2596 kufika pa 5 kapena 6, ndipo yezani ndi mita musanalumikize servo. Waya wofiira upite ku magetsiwo, wa olenji ku pini ya Arduino, wabulauni ku negetivu, ndipo negetivu imeneyo ilumikizanenso ndi GND, pini ya negetivu ya Arduino. Mukaiwala waya womalizawu servo imanjenjemera ngati yagwidwa malungo. Capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) ya 1000 µF pafupi ndi servo imathandizanso.

Iyeseni patebulo, kenako iphunzitseni kupuma

Zachinyengo zilipo zambiri. Ndinagulapo servo yolembedwa kuti magiya ake ndi achitsulo, nditamasula masikuluu anayi apansi ndinapeza ena mwa magiyawo ndi apulasitiki. Masulani muone. Kenako iuzeni ipite pa madigiri 90 musanamangirire mkono wake, kuti pakati pa servo pagwirizane ndi panelo yoyang'ana kumwamba. Iyendetseni pang'onopang'ono mbali zonse. Ikayamba kulira musanafike pa 0 kapena 180, bwererani madigiri angapo, pamenepo pakhale malire mu pulogalamu yanu.

Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Panelo ikaphonya ndi madigiri 10 imangotaya pafupifupi 1.5 peresenti ya mphamvu. Ndiye palibe chifukwa choti servo izigwedezeka sekondi iliyonse, kudya magetsi omwe panelo ikukolola. Izisuntha kamodzi pa mphindi 10 kapena 15, digiri imodzi imodzi. Masensa akasiyana pang'ono chabe, monga kamtambo kakadutsa, isasunthe. Madzulo ibwerere pa 90, panelo igone chagada, mphepo yausiku isaipeze itaimirira.

Maservo ambiri otchipa salimba ku madzi ndi fumbi. Dulani kachigubu kapulasitiki muvindikire pamwamba, pansi pakhale potsegula kuti chinyontho chizituluka, ndipo mawaya azilowa kuchokera pansi kuti madzi a mvula asawatsate mpaka m'kati.