Kuimika chidole chopopa cha Khirisimasi panyumba ku America

Mwafunsa ngati mungaimike Santa wamkulu wopopa mpweya pakapinga panyumba panu ku America. N'zotheka, koma tsatani izi.

Choyamba, fufuzani ngati dera lanu lili pansi pa HOA, bungwe la eni nyumba. Malamulo awo olembedwa, otchedwa CC&Rs, ndiwo amavuta kwambiri: ena amaika masiku oikira ndi ochotsera zokongoletsa, ena amakaniza zidole zazitali, ndipo wophwanya amalipira chindapusa. Ngati muli pa lendi, funsaninso mwini nyumba.

Chachiwiri, onani malamulo a mzinda wanu pa intaneti. Chidole chisatseke njira ya oyenda pansi kapena kutchinga madalaivala pakona.

Chachitatu ndi magetsi, ndipo apa musachite mphwayi. Lumikizani pa soketi ya GFCI, yomwe imadula magetsi yokha akayamba kutayikira pena, monga madzi akalowa. Waya akhale wolembedwa kuti ndi wapanja. National Electrical Code, yomwe ndi malamulo a zamagetsi ku America, imalola mawaya a zokongoletsa zotere kwa masiku osapitirira 90.

Kenako chimangeni zolimba ndi zingwe ndi zikhomo. Kukabwera mphepo yamkuntho zimitsani fani yopopera mpweya kuti chidolecho chiphwe. Usiku muzizimitsanso, chifukwa kulira kwa fani kumasowetsa tulo oyandikana nanu.