Momwe mungadziwire zaka za tchalitchi chakale cha kumudzi ku England

Matchalitchi ambiri a kumidzi ya ku England sanamangidwe kamodzi. Mbadwo uliwonse unkagumula apa ndi kuwonjezera apo, moti chikwangwani cha pakhomo chikanena kuti "zaka za m'ma 1200", nthawi zambiri chikunena za gawo limodzi lokha. Kuti mulekanitse zigawozo, tengani tochi, tepi yoyezera ndi kope, ndipo musathamangire kulowa mkati.

Choyamba, pezani kum'mawa. Guwa limakhala kumeneko, nsanja kawirikawiri kumadzulo, khomo lolowera kummwera. Jambulani m'kope zipinda ziwiri zikuluzikulu: chokhalamo mpingo ndi cha kuguwa. Muziwerenge padera, chifukwa ndalama zake zinkachokera m'matumba osiyana. Cha kuguwa ankakonza ndi amene ankalandira chakhumi, pomwe cha mpingo ankakonza ndi eni mudzi. Mudzi ukalemera, mbali ya mpingo inkakula ndi kukongola, ya kuguwa n'kutsala ili yakale.

Kenako zungulirani panja ndi kuyeza kuchindikala kwa khoma pa khomo kapena pa zenera. Makoma omangidwa chisanafike chaka cha 1066, m'nthawi ya Anglo-Saxon, amakhala aatali koma opyapyala, ambiri osafika masentimita 90. A nthawi ya a Norman, amene analanda England mu 1066, ndi ochindikala kuposa apo. Yang'anani pangodya: mukaona miyala yoimirira ikusinthana ndi yogona, mwakumana ndi amisiri a Anglo-Saxon, monga pa nsanja ya ku Earls Barton. Ku Escomb, m'dera la Durham, tchalitchi cha m'ma 670 chinamangidwa ndi miyala yotengedwa ku linga la Aroma la Binchester, ndipo pakhoma la kumpoto pali mwala wolembedwa LEG VI, chizindikiro cha gulu lachisanu ndi chimodzi la asilikali a Aroma, umene unaikidwa chadodolido.

Tsopano onani pamwamba pa makomo ndi mazenera, chifukwa apa ndiye pagona nkhani.

Pakakhala pozungulira, ndi zosema zokhotakhota ngati mano a sowo, ndi ntchito ya a Norman, kuyambira 1066 kufika cha m'ma 1190. Chitsanzo chabwino ndi Kilpeck ku Herefordshire, chomangidwa cha m'ma 1140 ndi mwala wofiira. Khomo lake la kummwera lili ndi njoka ndi zilombo zolukana, ndipo pansi pa denga pali timitu tosema, pakati pake galu ndi kalulu.

Zenera lalitali, lopapatiza, losongoka pamwamba, lopanda zokongoletsa, ndi la kamangidwe kotchedwa Early English, cha m'ma 1190 mpaka 1270. Likakhala lotambasuka, kumtunda kwake miyala yopyapyala ikupindika n'kupanga masamba ndi timabwalo, ndi Decorated, kufika cha m'ma 1350. Mliri wa 1348 ndi 1349 utadutsa, kunafala Perpendicular: mizati ya mwala ya m'zenera imakwera chowongoka mpaka pamwamba osapindika, galasi n'kuchuluka. Ndalama za ubweya wa nkhosa ndi nsalu ndi zimene zinamanga matchalitchi akuluakulu a mtundu umenewu. Pa tchalitchi cha ku Long Melford, ku Suffolk, chimene chinamangidwanso pakati pa 1467 ndi 1497, mayina a opereka ndalama analembedwa pamiyala ya kunja.

Apa ndi pamene ambiri amasokera: amapereka zaka za zenera kwa khoma lonse. Zenera linali losavuta kusintha. Anthu a m'ma 1400 ankafuna kuwala, ndiye ankaboola khoma la m'ma 1100 ndi kuikamo zenera lalikulu. Fufuzani pambali pake. Mukaona kazenera kakang'ono kotsekedwa ndi miyala, kapena mzere woongoka pomwe miyala siinalumikizane, khomalo ndi lakale kuposa zeneralo. Kwezaninso maso pakhoma la kum'mawa la nsanja. Chipsera chosongoka cha denga lakale chimasonyeza kuti makoma anakwezedwa pambuyo pake kuti paikidwe mzere wa mazenera apamwamba.

Pafupi ndi khomo la kummwera, walitsani tochi chammbali. Mwina muona kabowo ndi mizere yotuluka mozungulira: ankazikapo kamtengo kuti mthunzi uonetse nthawi ya Misa. Mukakapeza kumpoto, kumene dzuwa silifika bwino, kapena kali kozondoka, mwalawo unachotsedwa kwina.

Mukalowa, yambani ndi beseni la mwala lobatizira, limene limakhala chakukhomo. Nthawi zambiri ndi lakale kuposa nyumba yonse, popeza anthu ankalisunga pogumula zina. Kabeseni kokhala ndi kabowo m'khoma la kummwera kwa guwa kanali kotsukira ziwiya za Misa, ndipo mukakapeza kutali ndi guwa la lero, dziwani kuti pamenepo panali guwa lina. Masitepe opapatiza a m'khoma, othera m'malere pamalire a zipinda ziwiri zija, ankapita pa thandala lomwe linkanyamula mtanda waukulu. Mitanda yotereyi ndi zifaniziro zake zinayamba kuchotsedwa mu 1547, m'ulamuliro wa mfumu Edward VI, ndipo zithunzi za pamakoma zinapakidwa njereza.

Chenjerani ndi okonza a m'ma 1800, amene ankatengera kamangidwe kakale mwaluso kwambiri. Mwala wa m'mphepete mwakuthwa, wosalala, wofanana zenera ndi zenera, ndi wawo. Ankapalanso pulasitala mkati n'kusiya miyala poyera, zimene omanga akale sankachita. Kuwononga kumeneku ndi kumene kunachititsa William Morris, mmisiri wa zokongoletsa komanso mlembi, kuyambitsa bungwe loteteza nyumba zakale mu 1877.

Mukamaliza, yerekezani zimene mwalemba ndi mndandanda wa ansembe umene umapachikidwa pakhoma, komanso zolemba za Historic England, bungwe la boma losamalira malo a mbiri yakale, pa intaneti. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro sakuthandizani pa zaka zoyambirira, chifukwa lamulo lowasunga linabwera mu 1538.