Mmene Mungafufuzire Mbiri ya Usilikali ya James Stewart

Munthu wotchuka m'mafilimu akapita kunkhondo, nkhani zake zimachuluka kuposa umboni wake, ndipo wofufuza amafunika kusiyanitsa zimene zinalembedwa pa nthawiyo ndi zimene anthu anawonjezera pambuyo pake. James Stewart, katswiri wa mafilimu wa ku America amene anabadwira m'tauni ya Indiana ku Pennsylvania mu 1908, ndi chitsanzo chabwino chophunzirirapo ntchitoyi, popeza iwo anaulutsadi ndege zoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, osati kungojambulitsa zithunzi atavala yunifolomu.

Yambani ndi kulemba madeti odziwika motsatizana, kuti nkhani iliyonse imene mungakumane nayo muziiyesa pamenepo. A Stewart analowa usilikali pa 22 Marichi 1941 ngati msilikali wamba, patangotha milungu yochepa atalandira mphoto ya Oscar, ndipo poyamba anali atakanidwa chifukwa thupi lawo linali lopepuka poyerekeza ndi kutalika kwawo. Anali kale ndi laisensi youlutsira ndege. Kwa nthawi ndithu anawagwiritsa ntchito yophunzitsa ena ku America konko, kuphatikizapo ku Gowen Field ku Idaho, mpaka mu Novembala 1943 pamene anafika ku England.

Kuchokera apa, lekani kusaka ndi dzina lawo lokha, muyambe kusaka ndi dzina la gulu limene anali. Imeneyi ndiyo mfundo imene ofufuza ambiri atsopano amaiphonya. Asilikali a ku America ankasunga malipoti a maulendo oponya mabomba potsata magulu, choncho muyenera kudziwa kuti a Stewart ankatsogolera 703rd Bomb Squadron, m'gulu la 445th Bomb Group limene linkakhala ku Tibenham m'dera la Norfolk, pansi pa Eighth Air Force, ndipo linkaulutsa ndege za B-24 Liberator. Ulendo woyamba wa gululi unali wopita ku Kiel, mzinda wa ku Germany, pa 13 Disembala 1943. Mu Marichi 1944 anawasamutsira ku 453rd Bomb Group ku Old Buckenham, kumene ntchito yawo yaikulu inali yokonza ndi kuyang'anira maulendo a gulu lonse.

Deti la kusamutsidwaku lili ndi ntchito yaikulu. Pa 27 Sepitembala 1944, gulu la 445th linataya ndege zambiri pa ulendo wa ku Kassel ku Germany, ndipo munthu wowerenga mothamanga angaganize kuti a Stewart analipo, chonsecho anali atachoka m'gululo miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Musamatenge chilichonse chimene chinachitikira gulu n'kuchiika pa munthu mmodzi musanaone ngati dzina lake lili pa mndandanda wa amene anauluka tsiku limenelo. Muzikumbukiranso kuti mtsogoleri ngati iwo nthawi zambiri ankakwera ndege yotsogolera limodzi ndi asilikali ena, choncho dzina lawo lingapezeke m'malipoti a ndege zosiyanasiyana. Maulendo amene amawerengedwa mwalamulo pa dzina lawo ndi 20.

Zikalata zenizeni zili m'malo angapo. Malipoti a maulendo amasungidwa ku National Archives ku College Park, Maryland, pamene mbiri za magulu zili ku Air Force Historical Research Agency ku Maxwell Air Force Base, Alabama. Mafayilo a msilikali aliyense payekha ali ku National Personnel Records Center ku St. Louis, koma pa 12 Julaye 1973 moto unawononga mafayilo mamiliyoni ambiri kumeneko, ndipo ndi chifukwa chake zikalata za magulu zimakhala zodalirika kwambiri pofufuza anzawo amene ankauluka nawo. Amene simungathe kuyenda, yambani ndi tsamba la pa intaneti la American Air Museum, la ku Duxford ku England, limene limalumikiza mayina a anthu, ndege ndi mabwalo. Polemba kalata yopempha zikalata, tchulani gulu, mwezi ndi chaka, ndipo musalembe kuti US Air Force, chifukwa nthambi imeneyi inaima payokha mu 1947. Pa nthawi ya nkhondoyo inali US Army Air Forces.

Nkhani za m'manyuzipepala a nthawi imeneyo muziziwerenga mosamala, pakuti boma linkagwiritsa ntchito anthu otchuka pokopa achinyamata kuti alowe usilikali. Muzisiyanitsanso ntchito za m'ndege. Clark Gable, katswiri wina wa mafilimu, nayenso anauluka ku Ulaya ndi 351st Bomb Group, koma iwo sanali oulutsa ndege. Ankajambula filimu ndi kugwira mfuti, ndipo kuwaika m'gulu limodzi ndi a Stewart n'kusokoneza nkhani ziwiri zosiyana.

Pa maudindo, gwirizanitsani udindo uliwonse ndi chaka chake. A Stewart anamaliza nkhondo mu 1945 ali pa udindo wa colonel, atalandira mamendulo monga Distinguished Flying Cross ndi Croix de Guerre ya ku France. Udindo wa brigadier general anaulandira mu 1959 m'gulu la asilikali oitanidwa pakafunika la Air Force Reserve, ndipo ulendo wawo wa pa ndege ya B-52 ku Vietnam mu 1966 anaupita ngati woonerera, choncho suyenera kuwerengedwa pamodzi ndi maulendo 20 aja.