Malangizo kwa achinyamata ofuna kuyamba ntchito yosamalira zomera ku Harare

Ambiri mwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tinakula tikuona abambo athu akutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa m'nyumba za ku Borrowdale ndi Highlands. Manja ogwira ntchito tili nawo, koma amene amalipidwa bwino ndi uja wodziwa dzina la chomera ndi njira yochichulukitsira, ndipo luso limeneli limaphunziridwa pogwira dothi pafupi ndi odziwa.

Malo oyambira ndi munda wa zomera zosiyanasiyana wa National Botanic Garden ku Alexandra Park, makilomita pafupifupi 4 kumpoto kwa pakati pa mzinda, komwenso kuli National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera zouma. Pitani ndi kalata yopempha mwayi wothandiza ku nazale, ngakhale popanda malipiro, ndipo musaiwale kope ndi pensulo. Werengani zikwangwani zapamitengo ndi kulemba dzina lasayansi pambali pa dzina lathu. Msuku, umene anzathu Achishona amautcha muzhanje, ndi Uapaca kirkiana. Nsangu ndi Faidherbia albida. Poyamba mayinawa amavuta kutchula, koma wogula mbande zambiri amaitanitsa ndi mayina amenewa.

Nthawi yanu yambiri ithere pa mbewu, chifukwa mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Njere za masuku zimafesedwa zikangochotsedwa m'chipatso, pakuti zikauma sizimeranso. Za nsangu zili ndi khungu lolimba, choncho zimafunika kuzikanda pang'ono kumbali kapena kuziviika m'madzi otentha zisanalowe m'machubu. Ophunzira atsopano amapha mbande zambiri ndi chifundo chothirira: mukaona kambande katagwa chammbali, tsinde lake litada ndi kuwonda pamene lakhudza dothi, dziwani kuti madzi achuluka. Lowetsani chala m'chubu musananyamule kheni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu cha kuno chimawaula mbande usiku umodzi wokha, ndiye muziziphimba ndi udzu madzulo.

Pemphaninso kuti akuonetseni kumezanitsa mango, malalanje ndi mapeyala. Mtengo womezanitsa umabereka msanga kusiyana ndi wanjere, n'chifukwa chake mbande yake imagulidwa pamtengo wabwino.

Mukapeza mpata kafikeni ku munda wina wa zomera wa Ewanrigg, pamsewu wa ku Shamva, nthawi yozizira pamene zomera za aloe zachita maluwa. Pomaliza maphunziro, pemphani kalata ya umboni kwa amene amakuyang'anirani, yotchula miyezi imene mwakhala ndi ntchito zimene mwagwira.