Utsi woyera ku ekizozi: mmene ndinapezera vuto

Utsi woyera wa m'mawa mu Juni kapena Julayi si wodetsa nkhawa. Kuno ku Kasungu kukazizira, nthunzi imatuluka ku ekizozi kwa mphindi zochepa, injini ikatentha n'kusiya. Wa galimoto yanga sunkasiya. Unali wambiri, wa fungo lotsekemera, ndipo madzi a mu rediyeta ankachepa koma pansi osaoneka podontha.

Ndinadikira kuti injini izizire kaye, chifukwa kutsegula chivindikiro cha rediyeta ikadali yotentha n'kudziputira zilonda. Nditatsegula n'kuliza injini, tithovu tinkatuluka osalekeza. Oyilo pa kandodo koyezera anali wotuwa ngati tiyi wamkaka. Nditamasula mapulagi, imodzi inali yoyera mbee, zinzake zili ndi mwaye. Apo zinadziwika: gasiketi ya hedi (chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake) yapsa, madzi akulowa mu silinda imeneyo n'kumatuluka ngati nthunzi.

Ena anati ndithire mankhwala omata a m'botolo aja. Ine sindiwakhulupirira, amatha kutseka tinjira ta rediyeta. Amakaniko a pa boma anamasula hedi, tinaitumiza ku Lilongwe kuti akaipale chifukwa inali itapindika ndi kutentha. Tinaika gasiketi yatsopano, mabawuti n'kumanga motsatira dongosolo lake, oyilo ndi fyuluta n'kusintha. Gwero la zonsezi linali thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta) yomwe inakakamira yotseka, injini n'kumatentha mopitirira. Nayonso tinaika ina.

A magalimoto a dizilo, utsi woyera ukamanunkha dizilo wosapsa, yambani mwaona ma injekita (opopera dizilo mu silinda) ndi ma glow plug (otenthetsa mu silinda poliza injini). Ukakhala wabuluu, ameneyo ndi oyilo akupsa.