Mmene mungatsatire nkhani za nkhondo ya ku Ukraine ndi zisankho za maiko akuluakulu osapusitsidwa

Nyuzi za masiku ano zikutopetsa abale, lero Putin wanena izi, mawa Trump wasintha mawu, mkuja wina wawina chisankho ku Ulaya ndiye aliyense pa Facebook wasanduka katswiri wa ndale za dziko lonse. Ine ndinachitapo manyazi kangapo potumiza zinthu zabodza, ndiye ndinapanga kanjira kanga kowerengera nkhanizi. Mutu wake ndi umodzi basi: musamangomvera zomwe atsogoleri akuyankhula, muzifunsa kuti wosayina ndi ndani, ndalama ikuchokera kuti, komanso chisankho cha woyankhulayo chili liti.

Koma poyamba lembani madeti penapake, olo mu foni momwemo. Chifukwa aliyense pa nkhani iyi amayambira pomwe pakumukomera. Wa mbali ya Ukraine ayambira 1994, pomwe dzikolo linavomera kupereka zida za nyukiliya zomwe linatsala nazo Soviet Union itatha, ndipo Russia, America ndi Britain anasayina ku Budapest kuti azilemekeza malire ake. Wa mbali ya Russia ayambira 2008, msonkhano wa NATO (mgwirizano wa zankhondo wa America, Canada ndi maiko a ku Ulaya) ku Bucharest pomwe ananena kuti Ukraine ndi Georgia adzakhala mamembala tsiku lina. Kenako pali 2014, Russia italanda Crimea komanso nkhondo itabuka ku Donbas, kum'mawa kwa Ukraine, ndiye 24 Febuluwale 2022 pomwe asilikali a Russia analowa mwamphamvu kulunjika ku Kyiv. Mukakhala ndi madeti anayiwa, munthu akamakufotokozerani muzingomvetsera kuti wadumpha liti. Lomwe wadumphalo ndi lomwe sakufuna mulione.

Tsopano nkhani ya wosayina, apa ndiye pomwe ambiri timagwa. Mukamva kuti "UN yadzudzula Russia" funsani kaye kuti UN yake iti. Pa 2 Malichi 2022 General Assembly, msonkhano wa maiko onse a mu UN, inavota, maiko 141 anati Russia ichoke, 5 anakana (Russia yomwe, Belarus, North Korea, Syria ndi Eritrea), 35 anakhala chete osavotera mbali iliyonse. Manambala amphamvu eti? Koma voti ya kumeneko siikakamiza munthu, ndi mawu chabe. Yomwe ili ndi mano ndi Security Council, ya mamembala 15, ndipo asanu okhazikika aja, America, Britain, France, China ndi Russia, aliyense ali ndi veto, akangoti ayi nkhani yathera pompo. Khoswe wakhala pamkhate, mumupha bwanji. Ndiye musamadabwe kuti UN ikungoyankhula osachita kanthu, anaipanga choncho kuyambira 1945.

Ku America nako pulezidenti atha kulonjeza zida pa TV koma chikwama chili ndi Congress, nyumba yawo ya malamulo. Chithandizo cha madola pafupifupi 61 biliyoni chinakhala miyezi chitatsakamira mu House of Representatives mpaka Epulo 2024, uku asilikali a Ukraine akuwerengera zipolopolo za mizinga. Ku European Union zilango za zachuma zimafuna maiko onse 27 avomere, ndiye nchifukwa chake Viktor Orban wa ku Hungary, dziko la anthu osakwana 10 miliyoni, ankatha kuimitsa zinthu onse nkumamunyengerera. Khothi la milandu ya padziko lonse la ICC linatulutsa chikalata chomangira Putin mu Malichi 2023 koma khothilo lilibe apolisi ake, limadalira maiko. Putin sanapite ku msonkhano wa maiko a BRICS ku Johannesburg mu Ogasiti 2023, poti South Africa ndi membala wa ICC, koma mu Seputembala 2024 anapita ku Mongolia, membala wa ICC yemweyo, anamulandira ndi ulemu wonse nkubwerera kwawo bwinobwino.

Za zisankho, musanakondwe kapena kulira ndi zotsatira dziwani kaye malamulo a masewerawo. Ku America sawina ndi kuchuluka kwa anthu ovota ayi, pamafunika mavoti 270 mwa 538 a electoral college, omwe amagawidwa malinga ndi amene wawina mu state iliyonse. Pa 5 Novembala 2024 Trump anapeza 312, Kamala Harris 226, pomwe mu 2016 Hillary Clinton anavoteredwa ndi anthu ambiri kuposa Trump koma analuza. Ndiye ma poll a dziko lonse osawadalira kwambiri, muziyang'ana ma state ochepa omwe amasinthasintha ngati Pennsylvania, Michigan ndi Wisconsin. Ku Germany ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya chipani chikatsogola sikuti chalamula kale, chimayenera kupeza anzake opanga nawo boma, mwachitsanzo anavota mu Febuluwale 2025 koma Friedrich Merz anakhala chancellor, mtsogoleri wa boma, mu Meyi.

Ndiye funso lina muzifunsa kuti ndani sanaloledwe kuima. Putin anapeza 87 peresenti mu Malichi 2024, koma Alexei Navalny, wotsutsa boma wamkulu, anali atafera m'ndende mwezi wa Febuluwale, ndipo Boris Nadezhdin yemwe ankatsutsa nkhondo anamukaniza kulembetsa. Nambala ija muiwerenge muli ndi zimenezi m'mutu. Mbali inayi mudzamva kuti Zelensky, pulezidenti wa Ukraine, nthawi yake inatha mu Meyi 2024 ndiye ndi wolamulira mwankhanza. Zoona anasankhidwa mu 2019 kwa zaka zisanu, koma malamulo a ku Ukraine salola chisankho pomwe dziko lili pansi pa malamulo a nthawi ya nkhondo, komanso tangoganizani, anthu mamiliyoni anathawira kunja, ena ali ku malo olandidwa, asilikali ali m'maenje, avotera kuti? Britain nayo sinachititse chisankho chachikulu kuyambira 1935 mpaka 1945. Komabe America inavota mu 1864 ndi mu 1944 nkhondo ili mkati, ndiye onse awiri ali ndi chitsanzo chawo. Kwa ine kusiyana kwake ndi koti mabomba akugwa pomwe pali mzere wa ovota kapena ayi.

Mavidiyo. Eeh apa ndiye pomwe ndinapsa ine. Ndinatumiza ka vidiyo ka ndege ikuphulitsidwa usiku, anthu nkundiuza kuti ndi gemu ya pa kompyuta ija Arma 3, ndinangofufuta mwakachetechete. Mu Malichi 2022 munatuluka vidiyo yabodza ya Zelensky akuuza asilikali ake kuti agonje, mutu waukulu kuposa thupi, mawu osagwirizana bwino. Nayo mbali ya Ukraine inali ndi nthano ya Ghost of Kyiv, payiloti woti wagwetsa ndege zambirimbiri, mapeto ake ankhondo awo a mumlengalenga anavomera okha kuti munthuyo kunalibe. Chochita ndi chophweka: imitsani vidiyo, jambulani skrinishoti, ikeni mu Google Lens kapena TinEye muone ngati sinatulukepo zaka zapitazo ku Syria kapena kwina. Onani nyengo, ngati akuti ndi Januwale, nthawi yozizira kwambiri ku Ukraine, koma mitengo ili biriwiri ndiye kuti pali bodza. Kenako dikirani maola angapo, chinthu chachikulu chikachitikadi Reuters, AP, BBC ndi Al Jazeera onse achinena, ndipo TASS ya ku Russia nayo inenapo mwa njira yake, inu mufananize.

Manambala a anthu ofa omwe boma lili pa nkhondo likulengeza, olo likhale lomwe mumalikonda, muziwatenga ngati kampeni. Aliyense amachulukitsa a mdani nkuchepetsa ake.

Chomaliza, siyanitsani cholengeza ndi chochitika. Mu Seputembala 2022 Russia inalengeza kuti Donetsk, Luhansk, Zaporizhzhia ndi Kherson ndi zake mpaka muyaya, Novembala chaka chomwecho asilikali ake anachoka mu mzinda wa Kherson. Trump pa kampeni ankati athetsa nkhondoyi m'maola 24, anakakumana ndi Putin ku Alaska pa 15 Ogasiti 2025 koma mizinga siinaleke. Putin ankati safuna NATO pafupi ndi malire ake, Finland inalowa mu 2023, Sweden mu 2024, mamembala nkufika 32. Ndiye mukamva mawu akulu, alembeni ndi deti lake mu foni muja munalemba madeti ena aja, mudzatsegulenso pakatha miyezi itatu muli ndi mapu pambali muone chomwe chasuntha.